Kudzuka usiku kwa ana ang'onoang'ono kwa Wimbe: matenda kapena chizolowezi?

KASUNGU — M'midzi ya m'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe, kummawa kwa boma la Kasungu, mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akamadzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse, banja lonse limachezera naye, pomwe kukacha aliyense akufunika kumunda wa fodya. Makolo ena amathamangira ku golosale kukagula mapiritsi ogonetsa, ena kwa asing'anga. Njira zonse ziwirizi zimalumpha funso loyamba, lakuti chikumudzutsa mwanayo n'chiyani.

Akatswiri a zaumoyo wa ana amafotokoza kuti kudzuka usiku pakokha si matenda. Tulo timabwera m'magawo, tofa nato ndi topepuka mosinthanasinthana, ndipo munthu aliyense amatsitsimuka kangapo usiku ngakhale mmawa sakumbukira. Wamkulu amangotembenuka n'kugonanso. Mwana amene anazolowera kupeza tulo ali kubere kapena kumbuyo kwa mayi ake amafuna zomwezo nthawi iliyonse akatsitsimuka, ndiye amalira.

Malingana ndi malangizo omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019, mwana wa chaka chimodzi kapena zaka 2 afunika kugona maola 11 mpaka 14 patsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, pomwe wa zaka 3 kapena 4 afunika maola 10 mpaka 13.

Komabe chizolowezi chiyenera kuganiziridwa pomalizira, zina zonse zitaunikidwa kaye. Kwa Wimbe zambiri zodzutsa ana zimayenda ndi nyengo, ndipo nyengo yovuta kwambiri ndi ya Januwale mpaka Malichi, pamene udzudzu, njala ndi ntchito ya fodya zimakumana pakhomo limodzi.

Choyamba kuunika ndi malungo. Mwana amene amagona bwino koma wayamba mwadzidzidzi kudzuka akulira, thupi litatentha, ayenera kukayezedwa magazi pasanathe maola 24. Kuyeza kwa pachala kumapereka zotsatira pa mphindi zochepa, ndipo kuyambira mu 2007 mankhwala oyamba a malungo m'zipatala za boma ndi LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar. M'madera akutali ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amathandiza ana osapitirira zaka 5 pa zipatala za m'mudzi.

Boma lakhala likugawa masikito aulere m'dziko muno, monga linachitira mu 2012, 2018 ndi 2021, koma m'madera ambiri anthu amadandaula kuti masikito amabweretsa nsikidzi, ndipo ena amawachotsa. Nsikidzi zimakhala kale m'ming'alu ya khoma, m'mphasa ndi m'zofunda. Dandauloli siloyenera kulinyozera, chifukwa mwana wolumidwa ndi nsikidzi sagonadi, koma yankho lake ndi kuzira makoma, kuyanika zofunda padzuwa ndi kuthira mphasa madzi otentha. Kuchotsa masikito kumangowonjezera udzudzu pamwamba pa nsikidzi.

Kuyabwa kwa mtundu wina kumachokera ku mphere, zomwe zimaoneka pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno ndipo zimayabwa kwambiri usiku. Mphere zimafuna kuti onse a m'nyumbamo alandire mankhwala nthawi imodzi, apo ayi zimabwereranso. Palinso tinjoka ta m'mimba toyera ngati ulusi, tomwe timatuluka usiku kukaikira mazira kuzungulira kotulukira chimbudzi. Mwana wotere amadzikanda kumbuyo ali m'tulo, ndipo afunika mankhwala a njoka, kuwenga zikhadabo ndi kusamba m'manja. Khutu lopweteka ndi mano omera nazonso zimadzutsa mwana.

Njala ndi chifukwa china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri chifukwa cha manyazi. Anthu a kwa Wimbe amaidziwa bwino njala ya mu 2001 ndi 2002, yomwe William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala anaifotokoza m'buku lake la mu 2009. Koma mwana angathe kugona ndi njala ngakhale m'chaka cha zokolola zambiri. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya mayi amaweruka mochedwa, nsima imapsa kutada, ndipo wamng'ono amakhala atagona kale mphika usanaphulidwe. Pakati pa usiku mimba ndiyo imamudzutsa. Kumusungira mwana phala la nsinjiro kapena la soya kuti adye dzuwa likamalowa, osadikira nsima ya akulu, kumathetsa vutoli m'mabanja ambiri, ndipo mtedza ndi soya ndi mbewu zomwe alimi a ku Kasungu amalima kale. Tiyi ndi zakumwa monga Coca-Cola siziyenera kuperekedwa kwa mwana madzulo chifukwa zimathamangitsa tulo.

Fodya nayenso ali ndi gawo lake. Poopa akuba, alimi ena amasunga fodya wouma ndi mabelo m'nyumba momwe mukugona ana podikira kupita naye ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Fumbi ndi fungo lake zimayambitsa chifuwa ndi kutsekeka kwa mphuno, makamaka kwa mwana wa mphumu. Lipoti lomwe bungwe la Plan linatulutsa mu 2009 linasonyeza kuti chikonga chimalowa m'thupi mwa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi kudzera pakhungu. Lipotilo linali la ana okulirapo, koma khungu la mwana wa zaka 2 amene akusewera ndi masamba onyowa m'chigafa silotetezeka kuposa la akulu ake. Chikonga chimadzetsa nseru, mutu ndi chizungulire, komanso chimasokoneza tulo.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi chodzutsa ana chimakhala chisanu. Mwana wokodza pogona, zomwe si zachilendo asanakwanitse zaka 5, amazizidwa msanga ndi zovala zonyowa. Kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka pofuna kumufunditsa n'koopsa, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Pali kudzuka kwina komwe kumachititsa mantha kwambiri ndipo nthawi zambiri kumaganiziridwa kuti ndi za kwa anthu. Patangopita maola awiri kapena atatu chigonere, mwana amakhala tsonga, maso ali tong'o, akukuwa ndi kutuluka thukuta, osazindikira ngakhale mayi ake. Pakapita mphindi zingapo amagonanso, ndipo mmawa sakumbukira kanthu. Madokotala amati mwanayo amakhala asanatuluke bwino m'tulo tofa nato, ndipo izi zimachitika kwambiri akatopa kapena akagona mochedwa. Chofunika ndi kukhala naye pafupi kuti asadzivulaze, osamugwedeza kapena kumuthira madzi. Zimatha zokha akamakula. Maloto oipa ndi osiyana: amabwera chakummawa, mwana amadzukiratu, amakumbukira zomwe walota ndipo amafuna kutonthozedwa.

Zonsezi zisasokonezedwe ndi kukomoka. Mwana amene thupi lauma kapena likugwedezeka, amene akusanza chilichonse, akukanika kumwa kapena kuyamwa, akupuma mobanika, kapena wafooka moti sakudzutsika, ayenera kupita naye kuchipatala usiku womwewo. Kudikira kuti kuche kapena kuyamba kaye kwa sing'anga kumataya maola omwe malungo aakulu ndi chibayo sizipereka.

Pa nkhani ya mapiritsi, Piriton ndi mankhwala a ziwengo, ndipo kugonetsa ndi zotsatira zake chabe. Kumupatsa mwana kuti banja lipume kumabisa zizindikiro za matenda, ana ena amabalalika m'malo mogona, ndipo mulingo ukapyola ndi poizoni. Mowa, ngakhale kadontho, n'ngoopsa koposa.

Mwana akapezeka kuti alibe matenda, wakhuta ndipo pogona pake ndi pabwino, chotsala ndi chizolowezi, ndipo chimasintha ndi kudekha. Agone nthawi yofanana tsiku lililonse, zochitika zake zikhale zomwezo: kusamba, kudya, nthano kapena kanyimbo, kenaka pamphasa akadali maso pang'ono kuti aphunzire kupeza tulo yekha. Akadzuka, kholo limusisite ndi kumulankhula motsitsa mawu, osayatsa nyali yowala kapena kuyamba masewera. Kumukalipira, kumumenya ndi kumuopseza ndi fisi kumawonjezera mantha a mdima. Magetsi a dzuwa ndi mafoni, zomwe zalowa m'malo mwa koloboyi m'nyumba zambiri, zachepetsa utsi koma zabweretsa chizolowezi chatsopano chogonetsa mwana ndi kanema wa pafoni, chomwe chimachedwetsa tulo.

Kuletsa kuyamwa mwadzidzidzi, monga zimachitikira mayi akaima kachiwiri mwana n'kutumizidwa kwa agogo ake tsiku lomwelo, kumamulanda mwana bere ndi mayi nthawi imodzi, ndipo kulira usiku kumatsatira. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa kuyamwitsa kufikira zaka 2 kapena kupitirira, ndipo kuletsa kuyenera kuchitika pang'onopang'ono.

Kwa ogwira ntchito za boma m'derali, mpata waukulu uli kusikelo, komwe mayi amabwera kale ndi mwana. Funso limodzi lakuti mwana akugona bwanji lingathe kuvumbula mphere, njoka, njala kapena masikito omwe anapachikidwa kudenga. Alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba ndiwo amayamba kuona mwana wosinza mmawa, ndipo alangizi a zaulimi, omwe amafika m'zigafa nthawi ya fodya, angathe kuona komwe mabelo akusungidwa ndi komwe ana akugona.