Kujambula mtima umene sukhala chete

Kuchokera ku Katete kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East. Wodwala mtima amene madokotala a pa chipatala cha St Francis amutumiza kwa akatswiri a ku University Teaching Hospital kapena ku National Heart Hospital amawononga ndalama zambiri pa basi, pogona ndi chakudya. Choncho akauzidwa kuti akajambulidwe mitsempha ya mtima ndi makina a CT, m'pofunika kuti chithunzicho chituluke bwino ulendo woyamba womwewo.

Vuto lake n'lakuti mtima suima. Mitsempha yodyetsa mtima ndi yopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi m'mimba mwake, ndipo imagwedezeka nthawi iliyonse mtima ukagunda. Zili ngati kujambula ndi foni mwana amene akuthamanga: nkhope imatuluka yosaoneka bwino. Pa chithunzi cha CT, kugwedezeka kotere kumatha kuonetsa ngati mtsempha watsekeka pamene uli bwinobwino, kapena kubisa pamene patsekekadi.

Makina a CT anawayambitsa Godfrey Hounsfield, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa mutu ku London mu 1971. Panapita zaka zambiri kuti makina akhale ndi liwiro lokwanira kujambula mtima. Masiku ano amalumikizidwa ndi ECG, chipangizo choonetsa mmene mtima ukugundira, n'kumajambula pa kanthawi kamene mtima wapumira usanagundenso.

Kanthawiko kamatalika mtima ukamagunda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti uzigunda ka 60 pa mphindi kapena kucheperapo, ndipo amapereka mankhwala monga metoprolol kuti utsike. Wodwala amauzidwa kuti asamwe khofi, tiyi kapena Coca-Cola kwa maola 12 asanajambulidwe. Amamuikiranso nitroglycerin kunsi kwa lilime kuti mitsempha itseguke, kenako amamulowetsa mankhwala a ayodini mu mtsempha wa pamkono kuti magazi aonekere.

Mbali ina ili m'manja mwa wodwala mwini. Amayenera kukoka mpweya n'kukhala osapuma kwa masekondi pafupifupi 10. Akapuma pakati, mtsempha umaoneka wodukaduka. Makina ambiri amapereka lamuloli m'Chingerezi, ndiye gogo wa ku Sinda kapena ku Vubwi, amene wagona pa makina ali ndi mantha, amafunika womufotokozera m'chinenero chake ndi kuyeserera naye kangapo asanayambe. Mantha nawonso amathamangitsa mtima.

Palinso zosokoneza zina. Kashiamu wouma m'mitsempha, amene amapezeka kwambiri mwa okalamba ndi odwala shuga, amawala mopitirira n'kuchititsa mtsempha kuoneka wothina kuposa mmene ulili. Zitsulo za m'thupi, monga mawaya a pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), zimalemba mizere pa chithunzi.

Chithunzi chabwino chimapulumutsa anthu. Kafukufuku wa SCOT-HEART wa ku Scotland, wa anthu 4,146, anasonyeza mu 2018 kuti pa zaka zisanu, 2.3 peresenti ya ojambulidwa anamwalira ndi matenda a mitsempha ya mtima kapena kudwala mtima mwadzidzidzi, poyerekeza ndi 3.9 peresenti ya amene sanajambulidwe.

Wonyamuka ku Katete atenge makhadi ake a kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Auze dokotala ngati ali ndi mphumu kapena vuto la impso, komanso ngati wamwa Viagra, chifukwa ikakumana ndi nitroglycerin imatsitsa BP moopsa.