Mankhwala Akasowa, Funsani Amene Anasaina

Mayi wa ku Kabwata kapena ku Chelstone akafola kuyambira m'mawa ndi mwana wotentha thupi, mawu amene amawaopa pawindo ndi akuti, "Mankhwala atha amayi, kaguleni ku kemisti." Amakwiyira nesi. Komatu nesiyo si amene amaitanitsa katundu, ndipo makiyi a stoo sasunga iye. Pali mkulu wa chipatala amene ntchito yake ndi imeneyo.

Zimene Lusaka yaona kale

Mu 2009, zitaululika kuti ndalama zankhaninkhani zabedwa ku Unduna wa Zaumoyo, maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lawo. Mu Januwale 2021, nkhani ya Honeybee Pharmacy inagwedeza Nyumba ya Malamulo: kontilakiti ya madola 17 miliyoni, ndi makondomu komanso magolovesi amene analephera mayeso a bungwe loyesa ubwino wa katundu la ZABS. Mwezi womwewo Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya zaumoyo. Ndiye mu Meyi 2025, kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la madola 50 miliyoni pachaka, atafufuza masitolo a mankhwala oposa 2,000 n'kupeza mankhwala obedwa akugulitsidwa poyera.

Katoni siyenda yokha

Apa m'pamene pagona nkhani. Katoni ya Coartem kapena ya ma ARV ikachoka ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala, pamakhala wolandira, wowerenga, ndi wolemba pa stock card. Kuti ikapezeke pa shelefu ya kemisti m'tauni, wina anasaina kuti zonse zafika asanatsegule katoniyo, kapena anaona manambala akusemphana n'kungoti "tidzaona mawa". Ambiri mwa akuluakuluwa si akuba ayi. Koma kutseka maso chifukwa wa ku stoo ndi mlamu, kapena mnzako wa kutchalitchi, kumapha wodwala chimodzimodzi. Ine ndimati mkulu wosawerenga katundu ndi maso ake waphwanya kale udindo wake, ngakhale asanalandire nchekeleko iliyonse.

Maofesi awiri

Dokotala wa boma amene amaonanso odwala ku chipatala cha pulaiveti ku Woodlands kapena ku Kabulonga sanalakwe pa chokhacho. Cholakwika n'kuuza wodwala wa pa mzere wa boma kuti "mukandipeze uko", kapena kuzemba nthawi ya ntchito. Mkulu wochita zimenezi angadzudzule bwanji wom'tsatira?

Woulula asalangidwe

Zambia ili ndi lamulo la 2010 loteteza oulula zachinyengo, ndipo madandaulo angapite ku Anti-Corruption Commission kapena ku Health Professions Council of Zambia. Koma kalaliki wa ku famase amayamba wayang'ana nkhope ya bwana wake. Akaona kuti mnzake amene analankhula anasamutsidwira kutali, adzangokhala chete. N'chifukwa chake mkulu ayenera kulemba lipoti la kusowa kwa mankhwala yekha, kuikapo dzina lake, n'kulitumiza ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma tsiku lomwelo.