M'mene Adotolo Asankhira Mankhwala a Matenda a M'mutu

Pa cipatala ca boma ca ku Nkhata Bay pamafika anthu odwala m'mutu. Ena abwera nao abale ao atawamanga ndi zingwe. Ena adza okha, kudandaula kuti tulo tinawathawa ndipo moyo suwakomanso. Kawiri kawiri wodwalayo amakhala atapita kale kwa sing'anga, kapena atabvina vimbuza, kapena atampempherera. Tsono abale afunsa kuti mankhwala a ku cipatala apambana bwanji a kumudzi. Funso limeneli n'labwino ndithu.

Munthu akacira atamwa mankhwala, sindiye kuti mankhwalawo ndiwo amciritsa. Matenda ena a m'mutu amaleka okha kanthawi nabweranso, monga mwera pa nyanja, ndipo amene anapereka mankhwala tsiku limene mphepo inaleka ndiye atenga mbiri. Adotolo a ku Ulaya naonso ananyengeka motero. Mu 1933 dotolo wa ku Vienna, Manfred Sakel, analengeza njira yokomola odwala misala ndi insulin, mankhwala a matenda a shuga, ndipo zipatala zambiri zinamtsata zaka zoposa 20. Mu 1957 adotolo a ku London anagawa odwala m'magulu awiri, ena nawakomola ndi insulin, ena ndi mankhwala ogonetsa cabe. Panalibe gulu limene linapambana linzace. Njirayo inasiyidwa, pakuti inali yoopsa, ndipo ena anali kufa nayo.

Muyeso wa mankhwala ndi umenewu: odwala ambiri agawidwa mwa maere, ena alandira mankhwala, ena ai, ndipo pambuyo pace awerenga ocira. Chlorpromazine, amene anayamba kugwira nchito ku Paris mu 1952, anayesedwa motero napambana. Mu 2010 bungwe la umoyo la pa dziko lonse, WHO, linasonkhanitsa njira zoyesedwazo m'buku lochedwa mhGAP, lothandiza anamwino ndi acipatala okhala kutali ndi akatswiri.

Koma asanapereke mankhwala ali onse, wacipatala ayamba wafufuza thupi. Msodzi amene wayamba kubwebweta dzulo, thupi liri moto, angakhale ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo mankhwala a misala sangampulumutse. Afunsanso za camba ndi kacasu, ndiponso za HIV. Cifukwa cace abale ayenera kunena zonse osabisa, ngakhale zitsamba zimene wodwala anamwa.

Munthu wakumva mau amene ena sakuwamva, kapena woganiza kuti onse alikumlondalonda, apatsidwa chlorpromazine kapena haloperidol. Mankhwalawa sacita msanga; pamapita masabata angapo. Ena akawamwa aumirira thupi, anjenjemera manja, nacucha dobvu. Pamenepo ambiri amataya mankhwala, ndipo ndipo palakwika, pakuti matenda amabweranso. Cofunika ndi kubwerera ku cipatala, kumene angacepetse mlingo kapena kusintha mtundu. Amene aiwala-iwala kumwa angathe kumabayidwa nyereti kamodzi pa mwezi.

Matenda a cisoni cosatha ndi ena. Apa pali amitriptyline ndi fluoxetine, amene naonso afuna masabata awiri kapena anai asanaoneke mphamvu yao. Komanso kuceza kwadongosolo kunayesedwa monga ayesera mankhwala. Ku Harare dotolo Dixon Chibanda anaphunzitsa amai acikulire kukhala pa benchi ndi wobvutika mtima, nathandizana naye kuona mabvuto ace limodzi limodzi, kufikira kasanu ndi kamodzi. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2016: itapita miyezi 6, mwa anthu 100 ali onse amene anaceza pa benchi, 14 okha ndiwo anali cidwalire, pamene mwa enawo anali 50.

Matenda akakula, wodwala atumizidwa ku Mzuzu, kumene kuli cipatala ca St John of God, kapena ku Zomba, kumene cipatala ca boma ca misala cinamangidwa mu 1953. Koma ambiri safunika kugonekedwa. Amwa mankhwala ali kwao, namapita ku munda kapena ku nyanja. Aphunzitsi ndi nyakwawa adziwe cinthu cimodzi cosafuna kucedwa: munthu akayamba kuchula zodzipha, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbeu acotsedwe m'nyumba, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.