Zimene Tinapeza Kuseri kwa Matabwa

Nyumba ya aphunzitsi a zoweta, ija yoyandikana ndi khola la ng'ombe, inali ndi matabwa a paini okhomedwa pa zipupa za cipinda cocezera. Kwa zaka zambiri tinali kungowapaka vanishi ndi kuyamikira kukongola kwake. Koma m'dzinja lapitali, mwana wa m'nyumbamo atatsamira cipupa, thabwa linabooka ngati pepala. M'kati mwake munali dothi lokhalokha.

Umo ndi mmene ciswe cimagwirira nchito. Cimakwera kucokera pansi m'tinjira ta dothi, cimadya thabwa kuyambira m'kati, ndipo cimasiya khungu lopyapyala lakunja kuti mwini nyumba agone mtima uli m'malo.

Tinadikira cilimwe kuti zipupa ziume. Ophunzira athu atazula misomali, tinaona kuti vuto silinali ciswe cokha. Madzi ogwa kucokera pa malata anali kudikha m'tsinde mwa nyumba, njerwa n'kumamwa cinyontho. Pakona ina makoswe anali atamanga cisa, ndipo anali atateketa nthambo ya magetsi mpaka waya kuonekera poyera, pakati pa matabwa ouma. Banja lija linali kugona usiku uliwonse pafupi ndi moto wongodikira tsiku lake.

Apa tinasiyana maganizo. Ena anafuna mlombwa, pakuti ciswe siciudya msanga, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo mitengoyo ikutha m'nkhalango zathu. Ena anati tigule paini wina ndi kumupaka oilo wakuda wa mu thirakitala. Ici tinakana: oiloyo amanunkha, amagwira moto, ndipo sayenera kukhala m'cipinda ca ana.

Pomaliza matabwa sitinabwezeremo. Tinayamba ndi kukumba ngalande yocotsa madzi kunja, tinaitana wodziwa za magetsi kudzasintha nthambo, ndiyeno tinamata ming'alu, kupaka pulasitala ndi kuyeretsa zipupa ndi laimu. Cipindaco cataya ulemerero wake wakale, sitikana. Koma tsopano kanjira ka ciswe kakangoyamba kukwera, amayi a m'nyumbamo amakaona posesa m'mawa.

Matabwa amene anapulumuka tinapangira zisa zoikiramo nkhuku. Odyeka aja tinawatentha kutali ndi nyumba, ndipo sitinalole kuti aliyense aphikire matabwa opakidwa vanishi.