Tsamba limodzi litha kuocha sola ya padenga

MADENGA ambiri a mu Lusaka anasintha maonekedwe m'caka ca 2024. Cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo pofika mwezi wa September magetsi a ZESCO anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Anthu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga anathamangira kugula masola. M'masitolo omwewo a m'tauni ndimo mmene anthu a ku Petauke, Katete ndi Chipata amagulanso ao, nawakweza pa basi. Ndalama zake n'zambiri, koma cimene cimaononga katunduyu kawirikawiri n'cacing'ono ndithu.

Pansi pa galasi la sola yaikulu pali tizigawo 60 kapena 72, tolumikizidwa mu mzere monga mikanda pa ulusi, ndipo magetsi ayenera kudutsa m'kagawo kalikonse. Tsono kamodzi kakaphimbika ndi tsamba la mango, zitosi za nkhunda kapena mthunzi wa mlongoti, kamaleka kupanga magetsi ndi kuyamba kudya a tinzake. Pamenepo kamatentha kwambiri, pepala loyera la kumbuyo limafiirira ndi kutupa, ndipo nthawi zina galasi lomwe limasweka. Kuseri kwa sola kuli kabokosi ka madayodi atatu olambalalitsa magetsi pamalo ophimbikawo, koma imodzi ikayamba nchito, gawo limodzi mwa atatu a solayo limakhala litagona. Ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene mitengo ndi yaitali, nthambi imodzi ingathe kugwetsa mthunzi pa kagawo komweko tsiku ndi tsiku.

Ming'alu ndiyo yonyenga. Tizigawoti n'topyapyala koposa cigoba ca dzira. Mmisiri akaponda pa sola poikhoma, kapena kondakitala akasanjikapo matumba a ufa paulendo wa pa Great East Road, timang'aluka mkati galasi lili losalala. Kutentha kwa usana ndi kuzizira kwa usiku kumakulitsa ming'aluyo, ndipo mwini amangodabwa batire ikutha usiku usanafike pakati. Ambiri amathamangira kugula batire ina, pamene colakwa cili padenga.

Ngakhale sola yosamalidwa bwino imakalamba. Imataya pafupifupi theka la peresenti ya mphamvu zake caka ciliconse, ndipo opanga ambiri amalonjeza kuti pa zaka 25 idzakhala ikupatsabe 80 peresenti. Mawati olembedwa kumbuyo kwake anayesedwa pa madigiri 25. Pa malata a mu October imatentha koposa apo ndi kupatsa ocepa, makamaka ikagonekedwa popanda mpata wopita mphepo. Fumbi la August nalo limacotsako yake. Poitsuka pafunika madzi oyera ndi nsalu yofewa, m'mawa galasi lisanatenthe.

Akatswiri amapeza malo otenthawo ndi kamera yoona kutentha. Wa kumudzi ali ndi maso ake: asanalipire, makamaka pogula sola yogwirapo kale nchito, aitembenuze ndi kufuna mabanga ofiirira kumbuyo, ndipo pa basi aiimiritse m'katoni yake.