Mlandu Suwola: Chifukwa Chake Nkhondo Imabwerera

Pamene mfuti za Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, anthu a ku Ulaya, amene anali ataika m'manda anyamata awo miyandamiyanda, analumbira kuti lupanga silidzasololedwanso m'chimake; koma zisanakwane zaka 21, asilikali a Germany anali atalowa kale m'dziko la Poland.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Pangano la ku Versailles la 1919 linasenzetsa Germany mlandu wa nkhondoyo, linamulanda madera ena ndi kumulipiritsa chuma chosaneneka; pofika 1923 ndalama yake inasanduka mapepala achabe, munthu n'kumanyamula mtolo wathunthu pokagula buledi mmodzi; ndipo ulova utafika posauzana pambuyo pa 1929, Adolf Hitler anapeza makutu okonzeka kumva kuti manyazi a fuko amatsukidwa ndi mwazi.

Chinanso, chimene chimandiwawa koposa, n'chakuti olamula nkhondo sindiwo amaisenza pamutu. John Chilembwe anadandaula zimenezi mu 1914, pamene amuna a ku Nyasaland ankatengedwa kukakhala asilikali ndi amtengatenga, kukafera mkangano wa mafumu amene sanawaonepo nkhope, akazi amasiye atatsala m'midzi ndi msonkho.