Akamuna a njinga pakanema: Phalombe angatolepo chiyani?

Ku Phalombe njinga sachita kumufotokozera munthu. M'mawa uliwonse misewu yolowera pa Migowi, pa Chiringa ndi paboma imadzaza ndi njinga zonyamula matumba a nandolo, mpunga, nsomba za ku Chilwa, ngakhalenso odwala opita kuchipatala.

Koma ikakwana nthawi yoonera kanema, kaya n'kunyumba kaya m'mavidiyo shoo, umalamula ndi mpira wa ku England ndi mafilimu a ku Nigeria. Masewero omwe anthu a kuno angawamvetse msanga kuposa ena ndiwo saonekaoneka: mipikisano ya njinga ya masiku ambiri.

Waukulu mwa yonse ndi Tour de France, womwe udayamba m'chaka cha 1903. Umachitika mwezi wa July kwa masabata atatu. Uli ndi ndime 21, tsiku lililonse ndime yake, ndipo akatswiriwo amapalasa makilomita oposa 3,000 n'kupumula masiku awiri okha. Anzake ndi Giro d'Italia wa mwezi wa May ndi Vuelta a España womwe umayamba mu August.

Kanema wa SuperSport wakhala akuonetsa mipikisanoyi, ndipo mu July nthawi ya ku France imafanana ndi ya kuno, choncho ndime imatha chakumadzulo anthu ataweruka. Vuto n'lakuti ndime imodzi imatenga maola anayi kapena asanu, pomwe magetsi athu mukuwadziwa. N'chifukwa chake kuonera zojambulidwa kale n'kwabwino. Zidule za ndime iliyonse zimapezeka pa YouTube, ndipo mukhoza kuonera pafoni kapena kulumikiza ku kanema banja lonse litakhala pansi.

Woonera koyamba amasokonezeka. Amaona munthu wafika poyamba, wakweza manja, koma ulemu waukulu akupatsa wina. Chinsinsi chake n'chakuti amawonkhetsa nthawi ya masiku onse, ndipo yemwe watenga nthawi yochepa ndiye amavala jezi yachikasu. Chris Froome, yemwe adabadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya, adapambana mpikisano wa 2017 osapambanako ndime ngakhale imodzi.

Jezi yobiriwira ndi ya yemwe watolera mapointi ambiri, ndipo kawirikawiri imapita kwa aliwiro la kumapeto. Yoyera ya madontho ofiira ndi ya mfumu ya zitunda, pomwe yoyera yokhayokha ndi ya wachinyamata yemwe akuchita bwino.

Chachiwiri chofunika kudziwa n'chakuti awa ndi masewero a timu. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 8, koma ambiri mwa iwo ntchito yawo n'kutumikira mtsogoleri wawo: kumutengera madzi, kumupatsa njinga yake ikawonongeka, makamaka kumutchingira mphepo. Wopalasa kumbuyo kwa mnzake amasunga mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wakabaza aliyense yemwe adalimbanapo ndi mwera m'chigwa cha Phalombe mwezi wa June akudziwa kuti mphepo imalemera kuposa thumba la chimanga. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale panjinga.

Pokoma penipeni ndi m'mapiri. Msewu wa Alpe d'Huez umakwera makilomita 13.8 ndipo uli ndi makhona 21. Wa Col du Tourmalet umafika mamita 2,115 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Nsonga yathu ya Sapitwa, ya mamita 3,002, imaposa pamenepo, kungoti kulibe msewu. Koma yemwe adakankhapo njinga pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Michesi ndi la Mulanje, akaona nkhope za akatswiriwa zitakwinyika safuna womasulira.

Kusiyana kuli panjinga. Malamulo salola njinga ya mpikisano kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo zambiri zimalemera chapompo. Njinga ya Buffalo yomwe tikuidziwa kuno adaipanga kuti kaliyala yake isenze makilogalamu 100. Ina ndi ya liwiro, ina ndi ya katundu.

Kwa zaka zambiri masewerowa ankaoneka ngati a azungu okha, koma zinthu zasintha. Mu 2013 Daryl Impey wa ku South Africa adavala jezi yachikasu. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea adavala ya madontho ofiira. Pa 1 July 2024, mumzinda wa Turin, Biniam Girmay, wa ku Eritrea yemweyo, adakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana ndime ya Tour de France. Chaka chimenecho adapambana ndime zitatu n'kutenga jezi yobiriwira.

Amayi nawo sadatsalire. Mu 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius adavala jezi yachikasu mumpikisano wa amayi wa Tour de France. Mu September chaka chomwecho mzinda wa Kigali ku Rwanda udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa, ndipo kwa abambo adapambana Tadej Pogačar wa ku Slovenia.

Komabe pali zinthu ziwiri zoti makolo awauze ana poonera. Choyamba, mukapeza madividi akale muona Lance Armstrong wa ku America akupambana zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Chimbalecho sichikuuzani kuti mu 2012 adamulanda ulemu wonsewo zitadziwika kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu.

Chachiwiri ndi mtsetse. Akatswiriwa amatsika phiri pa liwiro loposa makilomita 80 pa ola, koma msewu amakhala atautseka, madokotala ali pambuyo. Ngakhale zili choncho imfa imawapeza. Lamulo loti aliyense avale chipewa choteteza mutu lidadza mu 2003 atamwalira Andrei Kivilev, ndipo mu 2023 Gino Mäder adamwalira atagwa potsika phiri ku Switzerland. Mnyamata wotengera zimenezi pamsewu wa ku Chitakale, momwe muli malole, njinga zamoto ndi mbuzi, mabuleki ake ali a patapata, akuika moyo wake pachiswe.

Nanga Phalombe angatulutse Girmay wake? Miyendo ilipo, zitunda zilipo. Phiri lomweli limachititsa kale mpikisano wothamanga wa Mount Mulanje Porters Race. Koma Girmay sadangodzuka n'kupambana. Adakulira ku Asmara komwe mipikisano ya njinga ndi chikhalidwe, ndipo mu 2018 adapita kukasulidwa kumalo ophunzitsira a bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse ku Aigle, m'dziko la Switzerland.

Apa ndiye pagona nkhani kwa akuluakulu a zamasewero, makhonsolo ndi amalonda a m'boma lino. Mpikisano wa masiku awiri kapena atatu, msewu utatsekedwa, apolisi ndi azaumoyo alipo, ukhoza kuonetsa luso lomwe lero likuthera pansi pa matumba a nandolo. Podikira zimenezo, July akafika kauzeni mwini vidiyo shoo kuti tsiku limodzi mpira upumeko.